Envulopu Yachikhumi ndi Chimodzi

Yagwa m'mawa uno
kudzera pa kabowo ka makalata,
yofiirira ngati tiyi wogona m'kapu.
Sindinaitole.
Ndinayamba ndamumanga Ishbel zingwe za nsapato,
ndamupukuta phala pachibwano,
ndamuperekeza mpaka pageti la sukulu
mphepo ya mtsinje wa Tay ikutiwomba makofi.

Zaka zinayi zapitazo ndinathawa usiku,
zovala m'thumba lotayira zinyalala,
mwana paphewa atavala sokosi imodzi.
Wapolisi anati, mwapulumuka, Rhona.
Ndinasintha loko. Ndinasintha nambala.
Sindinkadziwa kuti mu Dundee muli chitseko china
cholowera m'nyumba mwanga,
chimene kiyi wake amapatsa aliyense
wodziwa kudzaza fomu.

Struan sandimenyanso.
Masiku ano amalemba.
Analemba kuti ndinameta mwana osamufunsa.
Analemba za dzino lozulidwa Lachitatu
pomwe iye ankafuna Lachisanu.
Analemba kuti ndimagwira ntchito usiku kosamalira okalamba,
nanga mwana amagona ndi yani?
Nditasiya ya usiku
analemba kuti malipiro anga sangalere munthu.

Kukhoti amavala tayi ija ya pa ukwati wathu.
Alibe loya, akuti ndi bambo chabe wopukwa mwana wake,
choncho amaimirira yekha, kundifunsa yekha,
mapazi asanu kuchokera pampando wanga,
mawu ofewa ngati batala woiwalidwa pambali pa mbaula.
Asanafunse, amagogoda tebulo ndi cholembera.
Go. Go. Go.
Woweruza amamva cholembera.
Ine ndimamva makiyi a galimoto pa tebulo la kukhitchini,
katatu,
asanapite kukatseka makatani.

Ndikanjenjemera, zimalembedwa: mayiyu mutu sukuyenda bwino.
Ndikauma m'maso: mayiyu ndi wouma mtima.
Ndinafunsa loya wanga, Mayi Dalgleish,
kuti nkhope yoyenera kubwera nayo ndi iti.
Anasuzumira wotchi.
Ola lawo limodzi limadya masiku anga awiri.

Piyano ya malemu amayi inapita pa mlandu wachinayi.
Ndolo zawo, wachisanu ndi chimodzi.
Tchuthi changa chonse chathera pa benchi ya m'khonde la khoti
moyang'anana ndi makina a khofi
omeza ndalama osalavula kanthu.
Kawiri konse mwini dandaulo sanabwere n'komwe.
Mlandu waimitsidwa. Tsiku lina. Envulopu ina.
Ndipo Loweruka lija analilirira misozi pamaso pa woweruza
mpaka kupatsidwa,
Ishbel anadikira pazenera, chikwama kumsana,
kufikira magetsi a mumsewu atayaka.

Woweruza amakhala watsopano nthawi zonse.
Amatsegula fayilo ngati nkhani yayamba lero,
nati, makolo awiri inu phunzirani kumvana.
Awiri.
Ngati kuti mbewa ndi msampha
zangosemphana maganizo.

Dzulo ndinapeza Ishbel atandanda zidole pa kapeti.
Chimbalangondo chinali woweruza.
Kachidole katsitsi lofiira kanaimikidwa pakona.
Kalakwa chiyani? ndinafunsa.
Palibe, anatero osatukula mutu,
koma kabwerenso mwezi wamawa.

Kwada tsopano.
Envulopu ili pa tebulo, pakati pa mchere ndi bilu ya gasi.
Ndawerenga ndi zala:
mwana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
lamulo lidzamusiya adzinenere yekha ndili ndi imvi.
Zala zandikwanira, mpweya ndiye sindikudziwa.

Ndatenga mpeni wa buledi,
ndaitumbula bwinobwino m'mphepete
popeza nayonso tsiku lina idzakhala umboni.
Ndailemba nambala pakona
monga zinzake khumi zija
zogona m'bokosi la nsapato kunsi kwa bedi.
Za m'katimo ndiwerenga mwana akagona.
Ndatereka ketulo.
Kubafa Ishbel akuitana,
akuti madzi azizira,
ndibwere ndi thawulo lachikasu, osati labuluu.